Za Chitseko Chatsopano cha Mtima

Abale athu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, mwezi uno tifuna kukamba nanu za odwala aja amene apita kutali, monga ku India, kukaikidwa chitseko chatsopano mumtima. Pobwera iwo tiwalandira ndi nthungululu, ndi kuyesa kuti nthenda yatha. Koma tikuuzeni: nacho chitseko chatsopano chikhoza kuonongeka.

Mumtima mwa munthu muli zitseko zinai, zotsegukira mbali imodzi yokha, kuti mwazi usabwerere m'mbuyo. Kuno kwathu chimene chiononga zitsekozi kawirikawiri ndi zironda za pakhosi za ana zimene sizinachizidwe bwino. Chitseko chikalephereratu, adokotala achichotsa naikapo china, nchito imene Albert Starr anaichita bwino ku America m'chaka cha 1960.

Zitseko zoikazo ziri za mitundu iwiri. China chiri cholimba ngati chitsulo, sichitha msanga. Koma mwazi ukhoza kuundana pa icho, chotero mwini wache ayenera kumwa warfarin moyo wache wonse ndi kupimitsa mwazi kawirikawiri. China apanga ndi mnofu wa nkhumba kapena wa ng'ombe. Ichi chiuma kapena kung'ambika patapita zaka 10 kapena 15, ndipo mwa achinyamata chitha msanga koposa. Pa zonse ziwiri tizirombo tikhoza kumanga msasa, ndiponso ulusi wosokera ukhoza kumasuka, mwazi nudontha m'mbali.

Nanga dokotala adziwa bwanji, osatumbula chifuwa? Munthu akapfuula pafupi ndi phiri, mau ache abwerera. Momwemo makina ochedwa eko atumiza mau osamveka ndi khutu, ndipo pobwerera mauwo ajambula mtima ulikugunda. Nzeru imeneyi anayamba ndi Inge Edler ndi Hellmuth Hertz ku Lund, m'dziko la Sweden, m'chaka cha 1953. Dokotala aika kachipangizo pachifuwa, naona ngati chitseko chitseguka bwino ndi liwiro la mwazi podutsapo. Sipamveka ululu. Chitseko cholimba chija chikabisa za kuseri kwache, wodwala amezetsedwa kachingwe kojambulira, pakuti kum'mero kuyandikana ndi mtima. Pena aonjeza X-ray yoonetsa kuyenda kwa chitseko, kapena CT, kuti aone ngati chachigwira ndi mwazi woundana, umene mankhwala akhoza kusungunula, kapena mnofu womera, wofuna mpeni.

Tsono mverani. Wodwala ajambulitse mtima masabata oyamba atachitidwa opareshoni, angakhale ali bwino, pakuti chithunzi choyambacho ndicho muyeso wa zonse zotsatira. Musunge mapepala ache pouma. Mukaona befu, kutupa miyendo, kutentha thupi kosaleka ngakhale malungo sanapezeke, kapena kulira kuja kwa chitseko kwakuti "the, the" kukazirala, musagone: pitani ku chipatala cha St Gabriel, chimene Asisitere a Karmeli ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Wakumwa warfarin asaphatikizepo mankhwala a zitsamba kapena a m'sitolo osafunsa, ndipo mai wofuna pakati ayambe wakambirana ndi dokotala, pakuti warfarin akhoza kupweteka mwana m'mimba.

Makolo anati chakudza sichiyimba ng'oma. Inu amene munagulitsa mbuzi ndi fodya kuti mbale wanu achire, musaumire ndalama ya ulendo wokajambulitsa.