Utsi wa injini ya boti: mtundu wake umaulula vuto

Injini ya dizilo yabwinobwino ikatentha situlutsa utsi woonekera patali. Kautsi ka m'mawa poiliza, makamaka m'nyengo ya mwera mu June ndi July, n'kosadetsa nkhawa ngati katha m'mphindi zochepa. Wovuta ndi umene ukupitirira injini itatentha kale. Pamenepo mwini boti, kaya ndi la usodzi ku Mangochi kaya la kapenta ku Kariba, aone mtundu wake, amve fungo lake, komanso adziwe nthawi imene ukutuluka.

Wakuda: yambirani pansi pa boti

Utsi wakuda ndi dizilo wosapsa mokwanira chifukwa wachuluka kuposa mpweya. Ambiri akangouona amathamangira kumasula pampu ya dizilo ndi manozulo, komatu pa boti vuto limakonda kukhala m'madzi. Chidutswa cha ukonde, chingwe kapena namasupuni zikakulunga pulopela, injini imalemedwa. Gavanala amawonjezera dizilo kuti liwiro lisatsike, koma mpweya ndi womwewo, ndiye utsi n'kuda bii. Zimateronso ndere zikamera pansi pa boti, katundu akapyola muyeso, kapena wina akamanga pulopela yaikulu kuposa mphamvu ya injini poganiza kuti boti lizithamanga.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Chotsani giya, mukweze moto. Ikalira bwino popanda utsi koma utsi n'kumada mukalowetsa giya, ganizirani kaye za kulemedwa. Kenako onani fyuluta ya mpweya. Ngati injini ili m'bokosi, vundukulani muli pa ulendo. Utsi ukachepa, ndiye kuti imabanika. Paipi ya ekizozi nayo imatsekeka ndi mwaye. Manozulo abwere pomaliza, ndipo akayesedwe kwa makaniko amene ali ndi makina ake. Musayese kupopera kwa nozulo pa chala: dizilo wake amaboola khungu.

Wabuluu: oilo akupsa

Uwu fungo lake silibisika. Yambani ndi dipisitiki, poti oilo wothira mopyola mzere amasuta ngakhale injini ili yatsopano. Ngati utsi ukutuluka poliza pokha n'kutha, nthawi zambiri ndi masilo a mavavu. Ukakhala wa nthawi zonse, injini n'kumamwa oilo komanso kuvuta kulira, ndiye kuti maringi a pisitoni aperepeseka. Chizolowezi chosiya injini ikungolira maola ambiri popanda katundu chimasalalitsa mkati mwa silinda, maringi n'kulephera kugwira. Injini ya dizilo imafuna ntchito.

Woyera: utsi kapena nthunzi?

Apa ndiye pofunika maso, chifukwa zinthu ziwiri zosiyana zimaoneka zofanana.

Ngati ukuyandama pamwamba pa madzi osatha msanga, ukununkha dizilo ndipo ukuyabwa m'maso, ameneyo ndi dizilo amene sanayake n'komwe. Mwina kompuresheni yatsika, nozulo ikudontha, taimingi yasokonekera, kapena mafuta ali ndi madzi. Dizilo wosungidwa m'zigubu pa doko sachedwa kulowa madzi. Thirani pang'ono m'botolo loyera, mulikhazike. Madzi amakhala pansi.

Koma ngati ukuzimirira pafupi pomwepo ndipo ulibe fungo la dizilo, ndi nthunzi, ndipo musazengereze. Yang'anani ku ekizozi ngati madzi oziziritsa akutuluka monga mwa masiku onse. Akachepa, zimitsani. Mwina jumbo yatseka polowera madzi, sefa yadzaza mchenga, kapena impela ya labala ya m'pampu yathothoka mapiko. Impelayo ikazungulira youma imapsa m'mphindi zochepa, n'chifukwa chake yapadera isamasowe m'boti. Madzi akamatuluka bwino koma nthunzi osatha, ndipo oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, ganizirani gasiketi ya hedi.

Injini ikakana kuzima

Oilo akamakwera yekha pa dipisitiki, ndiye kuti dizilo kapena madzi akulowamo. Musanyozere. Oilo wosakanikirana ndi dizilo akafika polowera mpweya, injini imayamba kumuyatsa ngati mafuta, n'kumathamanga yokha ndi chiutsi choopsa, ndipo kutseka dizilo sikuiimitsa. Chotsala ndi kuimana mpweya: tsekani polowera mpweya ndi thabwa lafulati kapena chinthu china cholimba, osati dzanja. Ikazima musailizenso mpaka makaniko atapeza kumene dizilo akudutsira.