Mthuthuthu wakale usawolere kuseri kwa ofesi

Kuseri kwa maofesi a zaulimi, zipatala za kumidzi ndi mabungwe omwe si aboma kumapezeka njinga zamoto zitagona chammbali pansi pa mango, matayala ataphwa, mipando itang'ambika, mathanki atadyeka ndi dzimbiri. Zambiri ndi Yamaha DT125 ndi AG100, zija ankakwera alangizi a zaulimi ndi azaumoyo kabaza wa njinga zamoto asanafale. M'mabuku a ofesi zinalembedwa kuti zinafa, koma zochuluka zinangosowa kachipangizo kamodzi kapena tiwiri, kenako mvula ndi dzuwa zinamaliza ntchito. Njinga zimenezi zikhoza kudzuka ndi manja a amisiri athu, ndipo kuzipangira masipeya pakhomo ndi nzeru, bola mmisiriyo adziwe zomwe dzanja lingapange ndi zomwe liyenera kusiyira fakitale.

Njingazi zimalola kukonzedwa chifukwa cha mmene anazipangira. Mu 1968 kampani ya Yamaha ku Japan inatulutsa DT-1, njinga yopepuka yoyenda pa tala ndi m'tchire momwe, ndipo DT125 ndi mdzukulu wake. AG100 inabwera mu 1973, anaipangira alimi oweta nkhosa ndi ng'ombe ku Australia, n'chifukwa chake tcheni chake n'chotsekeredwa kuti matope asachidye, ili ndi kaliyala wamkulu, ndipo imaimikidwa mbali zonse ziwiri. Injini ya njinga zonsezi ndi ya two-stroke: ilibe mavavu a kumutu kwa silinda, ilibe camshaft, ilibe tcheni cham'kati. Pisitoni yokha ndiyo imatsegula ndi kutseka mabowo a m'mbali mwa silinda. Zamtundu wakalezi zimazizira ndi mpweya, ndipo moto wa pulagi umachokera ku maginito, kotero zimalira ngakhale batire itafa. Makaniko wodekha, ali ndi masipanala ochepa, akhoza kumasula mutu ndi silinda pa mphasa dzuwa lisanapendeke. Amene anazijambula ankadziwa kuti zidzathera kutali ndi galaja.

Zopanga pakhomo n'zambiri. Gasiketi ya m'mbali mwa injini amaidula pa pepala lake lolimba, akuligogoda pang'onopang'ono m'mphepete mwa chitsulo kuti lidinde mabowo. Gasiketi ya mkuwa ya kumutu, ngati sinang'ambike, amaiwotcha mpaka kufiira kuti ifewe, n'kuibwezera. Mpando amausoka telala wa mipando ya galimoto; madigadi, kaliyala, zopondera ndi tizitsulo togwirira zinthu amaziwotcherera anyamata a ku Ndirande kapena ku Biwi; mabushi amasemedwa pa makina opala zitsulo. Silinda ikakandika siitha ntchito: amaiboolanso kuti ikule pang'ono, ndipo ya DT125, yomwe ndi ya mamilimita 56, imalandira pisitoni yokulirapo ndi 0.25, 0.50, mpaka milimita imodzi. Ndiye kuti silinda imodzi ili ndi miyoyo ingapo. Pisitoniyo ndi maring'i ake, komabe, n'zogula.

Pamene amisiri ambiri amaphonya ndi pa ekizozi. Amaiona ngati paipi wamba wotayira utsi, ndiye ikabooka amadula chimimba chake n'kulumikizapo paipi wowongoka, njinga n'kuyamba kukuwa kwambiri koma kulephera chitunda. Chimimba chija ndi mbali ya injini. Utsi ukatuluka mu silinda, mbali yotambasuka ya chimimba imakoka mpweya ndi petulo watsopano kuti zidzaze silinda, ndipo mbali yopanikizika imabweza kafunde kamene kamakankhiranso m'kati petulo amene anayamba kuthawa, bowo lisanatsekeke. Luso limeneli analikhwimitsa Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany m'zaka za m'ma 1950, ndipo linali lamtengo wapatali moti wokwera wake, Ernst Degner, atathawira kwa Suzuki mu 1961, anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za 50cc chaka chotsatira. Wowotcherera wathu akhoza kupanga ekizozi yabwino ndi chitsulo chopyapyala, koma ayese kutalika ndi kukula kwa chigawo chilichonse cha yakaleyo, ngakhale yowola, asanaitaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Otsutsa amati njinga ya zigamba ndi msampha wa imfa, ndipo sakunama kwathunthu. Zipatala zathu zikulandira kale anthu ochuluka othyoka pa ngozi za kabaza, sitingaonjezere ena dala. Koma ngozi sibwera chifukwa cha mpando wosokedwa ku msika. Imabwera pamene munthu wamata zikopa za mabuleki ndi guluu wamba, chikopacho n'kumatuka, wilo n'kugwira mwadzidzidzi pa liwiro. Imabwera pamene khosi la felemu lang'aluka wina n'kungopakapo moto pamwamba, kapena pamene tayala louma, la ming'alu m'mbali, labwezeredwa poti mano ake akuonekabe. Mabuleki, matayala, mabeyaring'i, tcheni, ekiselo ya wilo ndi masili a crankshaft ziyenera kukhala zatsopano, zogula. Masiliwo akatha, injini imayamwa mpweya wakuba, petulo amachepa mu silinda, kutentha kumakwera, pisitoni n'kumatirira njinga ili mkati mothamanga. Ngakhale sefa ya mpweya imafuna siponji yake yonyowetsedwa ndi oilo. Ya matiresi imayoyoka, ndipo fumbi la mu Okutobala likalowa limapala silinda ngati mchenga. Lamulo nalonso silisankha zaka za njinga: mapepala, inshuwalansi, laisensi ndi chisoti zikufunika chimodzimodzi.

Ena amafunsa kuti kuvutikiranji, pamene njinga zatsopano zochokera ku China ndi ku India zili mbwee m'mashopu. Pa nkhani ya mafuta akunena zoona: two-stroke imamwa petulo wambiri kuposa njinga zatsopanozo monga Boxer, imawotcha oilo pamodzi ndi petuloyo, ndipo utsi wake wabuluu si wabwino m'tauni yothithikana. Wofuna kuchita kabaza pakati pa Limbe ndi Blantyre asagule DT. Koma njinga yatsopano imagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe dziko lino likuzisowa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Yakaleyo inalowa kale m'dziko, ndipo ndalama zambiri zoidzutsira zimapita kwa telala, wowotcherera ndi makaniko wa pano pompa. Kuonjezera apo, njira za ku Neno, ku Ntchisi kapena kumapiri a Misuku nthawi ya dzinja zimafuna wilo lakutsogolo lalikulu, la mainchesi 21 ngati la DT, ndi mimba yotalikira pansi, zomwe njinga za m'tauni zilibe.

Chotchinga chenicheni ndi mapepala. Njinga ikaiwalika kuseri kwa ofesi zaka khumi, bulubuku yake imasochera, ndipo palibe angaike ndalama pa chinthu chimene sangachilembetse m'dzina lake. Eni njingazi akanazigulitsa msanga pa okushoni pamodzi ndi mapepala ake, zina n'kuzipereka ku makoleji a ntchito zamanja omwe TEVETA imayang'anira, ophunzira akanapeza injini yoti n'kuimvetsa yonse kuyambira pa kabuleta mpaka ku ekizozi. Njinga ikadzuka, mathanki oyamba amayendera pang'onopang'ono kuti maring'i akhazikike, ndipo wokwera amaima n'kumasula pulagi: ikakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga ulendo upitirire, ikakhala yotuwa mbuu azimitse, abwerere ku kabuleta ndi masili.