Chibaba chimachepa mphamvu mukakhala awiri

Funsani wosuta aliyense ngati ndudu yake yoyamba adagula yekha. Ambiri akuuzani kuti adachita kupatsidwa, kaya ndi mnzawo kuseri kwa kalasi, kaya ndi msuweni kudimba, kaya ndi achimwene pa siwa kunja kukuzizira. Fodya amalowa m'moyo wa munthu kudzera mwa anzake. Ine ndakhala pabawo zaka zambiri pakati pa amuna osuta, ndipo zomwe ndaona zandiphunzitsa kuti osiyadi fodya nawonso nthawi zambiri amakhala ndi mnzawo wowagwira dzanja.

Tiyambe ndi chomwe chimavutitsa. Mu fodya muli nikotini, yemwe amafika ku ubongo pa masekondi ochepa chabe munthu akangokoka utsi. Ubongo ukazolowera umayamba kumufuna, ndipo kufunako ndiye chibaba. Munthu akasiya kusuta, masiku atatu oyamba ndiwo amawawa kwambiri: mutu umalemera, tulo timathawa, njala imakula, kankhani kakang'ono kamamupsetsa mtima. Pakatha milungu iwiri kufikira inayi zambiri mwa izi zimazilala. Koma chinthu chomwe osuta ambiri sadziwa n'chakuti chibaba sichikhala tsiku lonse. Chimabwera mwamphamvu, n'kukhala mphindi zowerengeka, kenako n'kupita. Nkhondo yonse ili pa mphindi zimenezo, ndipo mpamene mnzako amafunika.

Pabawo pathu pali telala wina yemwe ankasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Atayamba kutsokomola usiku wonse, adalengeza pagulu kuti wasiya. Ena adaseka. Koma mnzake wina wa kabaza, yemwe adasiya kale, sadamuyamikire kapena kumulalikira. Adangomuuza kuti, "Amwene, chikakugwirani mundifulashe, ndikuimbirani." Ndipo ankaimbadi. Nkhani zake sizinali za fodya ayi, ankakamba za mpira, za mtengo wa feteleza, za kasitomala wokana kulipira. Pomadula foni chibaba chinali chitapita. Madzulo ankabwera ndi mtedza wokazinga kapena nzimbe, kuti m'kamwa ndi m'manja mwa telalayo musakhale mopanda ntchito. Wakabazayo ankadziwa kuti chizolowezi cha fodya chili m'zala ndi m'milomo momwe, chifukwa naye adadutsamo.

Zimenezi si za pabawo pathu pokha. Mu 2008 akatswiri awiri a ku America, Nicholas Christakis ndi James Fowler, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 12,000 okhudzidwa ndi tawuni ya Framingham, omwe adawatsatira kuyambira 1971 mpaka 2003. Adapeza kuti anthu amasiya fodya m'magulumagulu. Mwamuna kapena mkazi wa munthu akasiya, mpata woti mnzakeyo apitirize kusuta unkatsika ndi 67 peresenti. Akasiya bwenzi unkatsika ndi 36 peresenti, akasiya m'bale wa bere limodzi unkatsika ndi 25 peresenti. Ku England nako, kuyambira 2012, mwezi wa Okutobala uliwonse amachita kampeni yotchedwa Stoptober, yolimbikitsa osuta kusiyira pamodzi kwa masiku 28, poona kuti wopirira masiku amenewo amakhala ndi mwayi waukulu wosiyiratu. Akuluakulu athu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali yake yovuta. Fodya ndi mbewu yomwe yaphunzitsa ana ambiri ndi kufolera nyumba zambiri ndi malata. Mabelo amapita ku okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, ndipo dziko limapeza ndalama zakunja. M'midzi ya ku Kasungu kapena ku Dowa munthu safunika ndalama kuti asute: amangothyola tsamba m'chigafa, n'kukulunga papepala. M'tawuni ndudu amagulitsa imodziimodzi pa okala iliyonse, kotero wosiya fodya amakumana ndi mayesero pa ngodya iliyonse ya msewu. Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, koma malo othandizira osiya fodya ndi mankhwala ochepetsa chibaba sizipezeka mwachisawawa. Chomwe chili pafupi ndi aliyense ndi anthu omuzungulira.

Nanga kulimbikitsa kwenikweni n'kotani? Choyamba, kumuopseza munthu sikuthandiza. Wosuta amadziwa kale kuti fodya amabweretsa khansa ya m'mapapo, matenda a mtima ndi sitiroko, ndiponso kuti amakulitsa chiopsezo cha chifuwa chachikulu. Ukamubwerezera zimenezi m'mawa ndi madzulo, mtima wake umadzaza nkhawa, ndipo nkhawa ndi yomwe imamutumiza ku okala. Ndi bwino kumuuza zabwino zomwe zayamba kale m'thupi mwake. A WHO amati pakangotha mphindi 20 chisiyireni kusuta, kugunda kwa mtima kumatsika. Pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide umachepa m'magazi kufika pa mlingo woyenera. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika ndi theka poyerekeza ndi cha wosuta. Munthu amalimba mtima akamva kuti kuvutika kwake kwayamba kale kumulipira.

Chachiwiri, mufunseni kuti chibaba chimamupeza nthawi yanji. Wina n'kutangotha kudya nsima, wina ndi pa tiyi wa m'mawa, wina ndi pamowa. Mukadziwa nthawiyo, khalani pomwepo, mutuluke naye kukayenda, mumpatse madzi akumwa. Ngati mumamwera limodzi, mwezi woyambawo mupeze malo ena ochezera, chifukwa mowa umafooketsa lonjezo msanga. Mayi wina wa m'dera lathu adathandiza amuna awo mwa njira yakeyake. Tsiku lililonse ankawapempha ndalama yomwe akadagulira ndudu, n'kumaisunga m'chitini, ndipo tsiku la banki mkhonde ankakaiponya m'dzina la bambowo. Chibaba chikawavuta ankangoti, "Bambo a ana, tiyeni tiwerenge za m'chitini zija."

Chachitatu n'chokhudza anzake omwe akadasutabe. Palibe akukukakamizani kusiya lero, koma musamuyatsire pamaso, musamutume moto, ndipo mawu aja akuti "kokako kamodzi kokha, sufa" muwameze. Kamodzi komweko n'komwe kamabweza anthu ambiri. Pabawo pathu tidagwirizana kuti wofuna kusuta azipita kuseri kwa golosale, ndipo ngakhale ife osasuta tidapindula, poti utsi wa wina umadwalitsanso woupuma.

Chotsiriza, ndipo mwina chachikulu kuposa zonse, ndi momwe timamulandirira munthu akaterereka. Osuta ambiri amayesa kangapo asanasiyiretu. Telala uja naye adasutako tsiku lina ku maliro a m'bale wake, ndipo adachita manyazi mpaka kuleka kubwera pabawo. Wakabaza adamutsatira kushopu. Sadamufunse chifukwa chake. Adangoti, "Amwene, mpando wanu ukukudikirani, mawa tiyambiranso." Munthu woterereka akasekedwa amabisala, ndipo kobisalako amasuta paketi yonse. Akalandiridwa amabwerera pomwe adalekezera, atadziwa kale malo omwe adamugwetsa.

Pa 31 Meyi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku lopanda fodya, ndipo mauthenga amamveka pa wailesi. Koma wailesi singadziwe kuti mlamu wanu chibaba chimamugwira akangosamba m'manja atatha kudya. Amene mukudziwa zimenezo ndinu, ndiye nthawi imeneyo muzikhala naye pafupi.