Inshuwalansi ya Galimoto: Zomwe Ndidaphunzira pa Sienta ya Amalume

Amalume anga ali ndi galimoto yamtundu wa Toyota Sienta yomwe imanyamula anthu pakati pa Lirangwe ndi Lunzu, ndipo ikapeza hayala imakafika mpaka ku bwalo la ndege la Chileka. Galimoto imeneyi ndiyo imandilipirira fizi. Choncho kumayambiriro kwa chaka cha 2024, pamene adauzidwa mtengo watsopano wa inshuwalansi, nkhawa siidali yawo yokha. Adandipatsa mapepala onse nati, "Mphwanga, iwe ndiye wapita kusukulu. Tandiuza chifukwa chomwe anthuwa akundikwezera mtengo pomwe ine sindidagundepo ngakhale nkhuku." M'nkhani ino ndifotokoza zomwe ndidapeza nditayenda m'maofesi angapo mumzinda wa Blantyre.

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la mu 1997 limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu wa onse ikhale ndi inshuwalansi ya third party. Dzinali limasokoneza ambiri, koma tanthauzo lake n'losavuta. Munthu woyamba ndi mwini galimoto, wachiwiri ndi kampani, ndipo wachitatu ndi uja wavulazidwa kapena kuonongeredwa katundu. Inshuwalansi imeneyi imalipira wachitatuyo basi. Galimoto yanu mukakonza nokha. Ya comprehensive imaonjezerapo galimoto ya mwiniwakeyo ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa. Amalume adali pa comprehensive chifukwa omwe adawabwereka ndalama zogulira galimotoyo adalamula choncho.

Nanga n'chifukwa chiyani mtengo umakwerera munthu yemwe sadachite ngozi? Ine ndidamvetsa nditaganizira za bungwe la maliro la m'mudzi mwathu. Banja lililonse limasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo zovuta zikagwa pakhomo lina, bokosi limagulidwa ndi ndalama za tonse. Matabwa akakwera mtengo, chopereka chimakwera kwa aliyense, ngakhale kwa banja lomwe silidaonepo maliro zaka khumi. Kampani ya inshuwalansi nayo imasonkhetsa eni galimoto ambiri kuti ilipirire ochepa omwe agwa m'ngozi.

Matabwa a nkhani yathuyi ndi masipeyala. Mu Meyi 2022 boma lidachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 lidaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Kuno sitipanga nyali ya Sienta, bampala kapena galasi lakutsogolo. Zonsezi zimachokera kunja, monga ku Japan, Dubai ndi South Africa, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Bampala yemweyo amene kampani idalipira mu 2021 imamulipira ndi makwacha ochuluka lero. Kuonjezera apo, mtengo wa comprehensive amauwerengera pa mtengo wa galimotoyo. Sienta ya amalume idakalamba ndi chaka chimodzi, koma pamsika mtengo wake m'makwacha udakwera m'malo motsika.

Amalume atamva izi adati tingolemba mtengo wakale wa galimotoyo kuti tilipire zochepa. Apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. M'mapepala a mgwirizano mumakhala ndime yonena kuti ukalembetsa katundu pa mtengo wochepa, kampani nayo idzakulipira mochepa molingana ndi gawo lomwe udalembetsalo. Tiyerekeze kuti galimoto ndi ya K12 miliyoni koma mwailembetsa pa K6 miliyoni. Ikaonongeka mofunika K2 miliyoni, kampani ikhoza kupereka K1 miliyoni yokha, chifukwa mudalembetsa theka. Pa ndalamayo achotsaponso excess, lomwe ndi gawo loyamba la chionongeko limene mwini galimoto amalipira yekha. Ndime zimenezi zimalembedwa m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo ndikuona kuti makampani akadachita bwino kuzimasulira m'Chichewa, popeza ambiri mwa eni mataxi a ku Lirangwe amangosayina osawerenga.

Njira yoyamba yochepetsera mtengo ndi kufunsa m'makampani angapo tsiku lothera lisadafike. M'dziko muno muli makampani monga NICO General, Reunion, Prime, General Alliance, United General Insurance, Britam ndi CIC, ndipo mitengo yawo siifanana. Palinso mabuloka ovomerezeka, omwe amafunsira kasitomala mitengo m'makampani osiyanasiyana ndipo malipiro awo amachokera kukampani komweko. Makampani ndi mabuloka onsewa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, komwenso munthu angathe kukadandaula ngati kampani yakana kumulipira popanda chifukwa chomveka. Chinthu china chomwe amalume sankadziwa ndi chakuti wa comprehensive yemwe watha chaka osapempha malipiro amayenera kuchotseredwa mtengo. Posamukira kukampani ina, ndi bwino kutenga kalata yotsimikizira mbiri imeneyi.

Pali njira zina ziwiri zomwe zimaoneka zotchipa koma n'zoopsa. Yoyamba ndi ya madobadoba, anyamata omwe amakutsata ukangotulutsa mapepala a galimoto n'kulonjeza sitika pa theka la mtengo. Sitika yotero ikhoza kukudutsitsa pa rodibuloko, koma tsiku la ngozi kampani idzati siikukudziwa. Yachiwiri ndi yofala kwambiri kwathu: kulembetsa galimoto ngati ya pakhomo pomwe ikunyamula anthu olipira. Galimoto ya hayala imayenera kukhala ndi nambala yofiira ndi inshuwalansi ya bizinesi, yomwe ndi yokwererapo chifukwa imakhala pamsewu tsiku lonse itadzaza anthu. Ukabisa zimenezi, kampani ili ndi chifukwa chokanira, ndipo ovulala adzakutengera kukhoti iwe mwini.

Chomwe chidanditsegula maso kwambiri ndi nkhani ya malire. Third party siilipira ndalama zilizonse zomwe khoti lagamula. Imalekezera pa malire olembedwa m'mgwirizano. Kwa zaka zambiri malire odziwika adali K5 miliyoni, ndipo chipukutamisozi chikapitirira apo, chotsalacho chimagwera mwini galimoto ndi dalaivala. Aliyense wodziwa msewu wa M1 pa Lirangwe aganizire izi. Pamadutsa mathiraki ochokera ku Mwanza kudzera pa Zalewa, mabasi a ku Lilongwe ndi galimoto zodula za mabwana, pomwe akabaza ndi ogulitsa malonda ali m'mphepete momwemo. Kukhula chitseko chimodzi cha galimoto yatsopano kukhoza kudya ndalama zomwe Sienta imapeza miyezi ingapo. Makampani amalola kukweza malirewa ukaonjezera ndalama pang'ono.

Titakhala pansi madzulo ena, mapepala a makampani atatu ali pamphasa, ine ndidati tikhalebe pa comprehensive, pakuti galimotoyo ikaphwanyika, fizi yanga yapita nayo. Amalume adawerengera mafuta, matayala, COF ndi ndalama ya dalaivala, napukusa mutu. Ngongole idali itatha, ndiye palibe adawakakamiza. Adasankha third party ya bizinesi, nakweza malire ake, ndipo adalipira ya chaka chonse m'malo mwa ya miyezi itatu yomwe anzawo ambiri amakonda, chifukwa ukaphatikiza zidutswa zinayi zimaposa mtengo wa chaka. Ndalama yomwe idatsala adati aziisunga padera yokonzera galimoto, ndipo madzulo aliwonse aziponyapo kangachepe pafoni.

Mpaka lero sindidakhutire kwenikweni ndi chisankhocho, chifukwa thumba limenelo lingagule nyali ndi bampala koma silingagule Sienta ina. Adangondilola chinthu chimodzi: tsiku lothera inshuwalansi ndidalilemba pakalendala ya m'sitolo mwawo, ndipo mwezi umodzi lisadafike ndimakwera minibasi kukafunsanso mitengo.