Mtengo wa Khirisimasi: paini wa kuphiri kapena wa pulasitiki?

Disembala ikafika, mashopu ena a mtawuni ya Zomba amasintha nkhope. Pakhomo pamaima timitengo tobiriwira tapulasitiki, tokulungidwa ndi timagetsi tothwanima. Koma mukakweza maso kuyang'ana kuphiri, mitengo yeniyeni ya maonekedwe omwewo ili pomwepo. Ndiye tiyerekeze kuti gulu lanu la achinyamata kutchalitchi lapatsidwa ntchito yopeza mtengo wa Khirisimasi. Musankha uti? Musanayankhe, tiyeni timve kaye zomwe sayansi ikunena.

Mwambowu ndi wobwera, mtengonso ndi wobwera

Mwambo wokongoletsa mtengo unayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1500. Kumeneko Disembala ndi mwezi wa chisanu, mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, choncho mtengo wokhalabe wobiriwira unkaoneka ngati chizindikiro cha moyo. Mu 1848 nyuzipepala ina ya ku London inasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi banja lake ataima mozungulira mtengo wotere, ndipo mwambowu unafala.

Paini wa pa phiri la Zomba nayenso ndi mlendo. Wambiri ndi wa mtundu wa Pinus patula, ndipo kwawo ndi kumapiri a ku Mexico. Anabzalidwa kuno m'nthawi ya atsamunda kuti azipereka matabwa. Anakonda pano chifukwa phirili, lomwe nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndi lozizira komanso limalandira mvula yambiri. Mukafuna kumuzindikira, onani masamba: ndi aatali ngati singano, amalendewera pansi, ndipo kawirikawiri amakhala atatuatatu pa kamtolo kamodzi.

N'chifukwa chiyani ndi wosongoka?

Kansonga ka pamwamba penipeni pa mtengo kamapanga homoni yotchedwa auxin, yomwe imatsikira m'munsi n'kumaletsa nthambi za m'mbali kupikisana nako. Nthambi za m'munsi, zomwe ndi zakale, zakhala ndi nthawi yotalika, pamene za m'mwamba zikadali zazifupi. Zotsatira zake ndi mtengo wotambalala pansi, wosongoka pamwamba.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Chigawo chokongola kwambiri cha paini wamng'ono ndi nsonga ija. Munthu akaidula n'kupita nayo kunyumba, nthambi za m'mbali zimayamba kulimbirana utsogoleri. Mtengo umakula wa mphanda kapena wokhota, ndipo supereka thabwa lowongoka. Paini amatenga zaka zoposa 20 kuti akhwime kufika pochekedwa. Zaka zonsezo kuziwononga chifukwa cha chisangalalo cha masabata awiri, eti?

Mtengo wodulidwa umamwabe madzi

Mukadula nthambi ya mango lero, mawa masamba ake afota. Paini amapirira chifukwa masamba ake ndi opyapyala, okutidwa ndi phula, ndipo timabowo totulutsira madzi, totchedwa stomata, tinabisika mkati pang'ono. Komabe madzi amatayika ndithu, makamaka m'nyumba ya malata m'mwezi wotentha ngati Disembala.

Madzi amakwera mumtengo kudzera m'timipope ta xylem. Mtengo ukadulidwa, utomoni ndi mpweya zimatseka timipopeto pasanathe maola ambiri. Ndiye mukafika nawo kunyumba, chekaninso masentimita awiri kapena atatu kutsinde, n'kuuimika nthawi yomweyo mu ndowa ya madzi. Madzi okha basi, osathira shuga. Ndowa isaume ngakhale tsiku limodzi.

Pogula, gwedezani mtengo. Masamba obiriwira akamayoyoka ambiri, ndiye kuti unadulidwa kale, ausiyeni. Musaiwale kuti paini wouma, ndi utomoni wake uja, amayaka ngati wathiridwa parafini. Magetsi akathima, kandulo ndi mbaula zikhale kutali.

Ena amadula nthambi za mkungudza wa pampanda. Zionetsetseni musanalowe nazo m'nyumba. Mu 1986 kuno ku Malawi kunapezeka nsabwe za mkungudza, zotchedwa Cinara cupressi, zomwe zinaumitsa mitengo yambiri muno ndi m'mayiko oyandikana nafe. Nthambi zofiirira kapena zomatamata n'chizindikiro choti mwina tizilomboti tilipo.

Nanga wa pulasitiki?

Mitengo ya m'shopu yambiri imapangidwa ku China, ndi waya ndi pulasitiki wa PVC, yemwe amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka ndi mchere. Siifuna madzi, siyoyoka, ndipo mutha kuipinda n'kuisunga. Koma siwola. Ndipo mukaiwotcha kudzala, monga timachitira ndi zinyalala zambiri, PVC amatulutsa mpweya wa hydrogen chloride womwe umaswa maso ndi kupweteka mapapo, kuphatikizapo poizoni wotchedwa dioxin.

Bungwe la Carbon Trust la ku Britain linawerengera kuti mtengo wa pulasitiki wa mamita awiri umachititsa mpweya wotenthetsa dziko wokwana pafupifupi makilogalamu 40. Weniweni wa msinkhu womwewo ndi makilogalamu 3.5 ukawotchedwa kapena kuduladula n'kumwazidwa m'munda, chifukwa kaboni amene ukutulutsa ndi yemwe unatenga mumlengalenga pa photosynthesis. Gawani 40 ndi 3.5. Mupeza kuti wa pulasitiki muyenera kumugwiritsa ntchito zaka zoposa 10 kuti afanane ndi kugula weniweni chaka ndi chaka.

Funso lofunika kuposa onse

Pamasamu, weniweni wapambana. Koma masamuwo anawerengera mitengo yolimidwa m'minda ya alimi, komwe ukadulidwa umodzi amabzala wina. Phiri la Zomba si munda wa mitengo ya Khirisimasi. Ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1913, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kudulamo mtengo popanda chilolezo. Phirili lavutika kale ndi moto wolusa, ocheka matabwa mozemba komanso ofuna nkhuni ndi makala.

Kumbukiraninso kuti madzi a m'mipopi ya mtawuni amachokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri lomweli. Pamalo otsetsereka pakakhala pambalambanda, mvula siilowa pansi bwino. Imathamanga n'kukokolola dothi, ndipo dothilo limakathera m'mitsinje ndi m'damu.

Choncho wogulitsa akakupezani ndi kamtengo kokongola paphewa, mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, mtengowu mwautenga kuti?" Ngati ndi wa m'munda mwawo, kapena ndi mwa mitengo imene a zankhalango amachotsa popatulira kuti yotsala ikule bwino ndipo ali ndi chilolezo, gulani ndi mtima umodzi. Mwathandiza banja lawo. Koma akayamba kuzungulira, dziwani kuti ndalama yanu ndi imene idzawatumenso kuphiri mawa.

Ngati kwanu kuli kale wa pulasitiki, musamutaye. Msamaleni akhalitse. Ngati mulibe uliwonse, pali njira yachitatu: gulani mbande yokulirapo ku nazale, muiike mu chitini kapena ndowa yobowola pansi, muikongoletse ndi mapepala opepuka. Khirisimasi ya kuno imagwa mvula ili mkati, nyengo yomwe dziko lonse limabzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka chatsopano chikalowa, chotsani zokongoletsa, kumbani dzenje pasukulu kapena pakhomo, muubzale. Muuyeze kutalika kwake tsiku lomwelo, mulembe mu kope, ndipo mudzauyezenso Disembala ya chaka chamawa.