Akatswiri a Banja la Kanjedza ndi Zomera za m'Chipululu

Amene anakhalapo pampando wa chiwale kapena kuluka chipewa cha mlaza, banja la kanjedza amalidziwa kale. Koma banjali ndi lalikulu, lili ndi mitundu yoposa 2,500, ndipo alipo anthu amene amasunga ndalama zaka zambiri kuti akwere ndege akangoona mtengo umodzi. Nazi zina zimene amakazipenya, pamodzi ndi zomera zosunga madzi za m'chipululu.

Njere yolemera kuposa zonse

Pazilumba ziwiri za Seychelles, Praslin ndi Curieuse, pamamera coco de mer. Njere yake imodzi imatha kufika makilogalamu 25, theka la thumba la chimanga. Chipatso chake chimatenga zaka 6 kapena 7 kuti chikhwime. Kale amalinyero ankatola njerezi m'mphepete mwa zilumba za Maldives osadziwa kumene zachokera, n'kumati zimamera pansi pa nyanja. Nkhalango ya Vallée de Mai, kumene mitengoyi yathithikana, bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1983.

Tsamba lalitali kuposa onse

Apa wopambana ndi wa kuno ku Africa. Raphia regalis wa m'nkhalango zamvula za pakati ndi kumadzulo kwa Africa amatulutsa tsamba lofika mamita 25. Ameneyu ndi m'bale wake weniweni wa chiwale chathu cha m'madambo.

Wamtali kuposa onse

Ku Colombia, m'chigwa cha Cocora, kanjedza wa phula wa ku Quindío amafika mamita 60. Boma linamusankha kukhala mtengo wa fuko mu 1985, anthu atamusadza kwambiri pofuna masamba a Lamulungu la Kanjedza. Vuto lina lilipobe: mitengo ikuluikulu yaima m'mabusa, ndipo ng'ombe zimadya mbande zikangomera. Mlendo amajambula makolo okhaokha, ana palibe.

Maluwa ochuluka, kamodzi kokha

Talipot wa ku Sri Lanka ndi kumwera kwa India amakula zaka 30 mpaka 80 osachita duwa. Kenako pansonga pake pamatuluka ngala ya maluwa mamiliyoni, yotalika mamita 6 mpaka 8, yaikulu kuposa ya chomera china chilichonse. Zipatso zikangopsa, mtengowo umafa. Masamba ake ndi amene anthu a kumeneko ankalembapo mabuku akale.

Njere imene inagona zaka 2,000

M'zaka za m'ma 1960, ofukula zakale anapeza njere za kanjedza wa zipatso zotsekemera pa linga la Masada ku Israel. Zinakhala m'kabati zaka 40 kufikira mu 2005 pamene Elaine Solowey anadzala zingapo, imodzi n'kumera. Mtengo umene unamerawo anaupatsa dzina loti Methuselah. Mtengowo unapezeka kuti ndi wamwamuna, koma njere zina zakale zitameretsedwa panapezeka waukazi wotchedwa Hannah, ndipo mu 2020 anthu analawa zipatso za makolo awiriwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wotsala yekha

Nkhani yomvetsa chisoni ili ku Mauritius. M'munda wa zomera wa ku Curepipe muli kanjedza wotchedwa Hyophorbe amaricaulis, ndipo padziko lonse wodziwika ndi yekhayo. Akatswiri ayesa njira zosiyanasiyana kuti apeze mbande yokhazikika, koma zakanika. Mphepo yamkuntho imodzi ikhoza kutha mtundu wonse usiku umodzi.

Za m'chipululu

Pakati pa zomera zaminga zosunga madzi, wamtali ndi cardón wa ku Baja California ndi Sonora ku Mexico, amene anayezedwapo mamita 19. M'chipululu cha Namib, ku Namibia ndi Angola, muli welwitschia, amene Friedrich Welwitsch anamupeza mu 1859. Moyo wake wonse amakhala ndi masamba awiri okha, amene amangokula uku akung'ambika ndi mphepo, ndipo ena akhala zaka zoposa 1,000. Pali tina tating'ono, lithops, tofanana ndi miyala kotero kuti munthu amatiponda osationa. Kukongola kwa timbewu totere kwatibweretsera tsoka: kuchipululu cha kumadzulo kwa South Africa akuba amazula zomera zosowa zambirimbiri n'kukagulitsa kunja. Wokonda zomera weniweni amagula zomeretsedwa kuchokera ku njere, osati zozulidwa kutchire.

Ndipo chimphona cha zosunga madzi sichifuna pasipoti. Ndi mlambe, umene thunthu lake lofewa limasunga madzi odutsa nawo chilimwe chonse. Tili nawo ku Mangochi, ku Salima ndi kuchigwa cha Shire.

Zomera zonsezi zinafika pamene zili chifukwa zinapatsidwa nthawi: zaka 7 za chipatso chimodzi, zaka 80 za maluwa, zaka 1,000 za masamba awiri. Nkhwangwa ndi moto sizidikira choncho. Mukapeza kamlambe kapena kachiwale kakumera m'mphepete mwa munda, katchingireni mbuzi ndi lupsa. Mthunzi wake simudzaukhala inu, adzaukhala adzukulu a adzukulu anu.