Chofunda cha Zigamba

Pakhonde la sitolo zambiri m'Malaŵi muno pamakhala telala ndi makina ake osokera. Tsiku lonse iye amadula nsalu ndi kusoka madiresi, malaya ndi makabudula. Pofika madzulo, pansi pa makina ake pamakhala tizidutswa tambirimbiri ta nsalu: tofiira, tobiriŵira, tachikasu, tamaluŵa ndi tamizeremizere. Kaŵirikaŵiri tizidutswa timeneti timasesedwa ndi kutayidwa kudzala, kapena kutenthedwa. Anthu amangoti ndi zinyalala.

Koma nsalu sisanduka chinyalala chifukwa chakuti yachepa. Nsalu zambiri zimachokera ku thonje, mbewu imene alimi a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima amailima movutikira. Kachidutswa kalikonse kanadya thukuta la mlimi, ntchito ya woomba nsalu ndi ndalama za wogula. Munthu wodziŵa kugwira singano angathe kulumikiza tizidutswa totere ndi kupanga chofunda chokongola, chimene chingateteze mwana ku mphepo ya m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Chimenechi ndicho chofunda cha zigamba.

Kumene luso limeneli linatchuka

Kulumikiza zigamba ndi ntchito yakalekale m'maiko ambiri. Komabe pali mtundu wina wa chofunda cha zigamba umene unatchuka kwambiri m'dziko la United States, ku America.

M'chaka cha 1876 anthu a m'dzikolo anali kukondwerera kuti papita zaka 100 chilandirire ufulu wodzilamulira. Iwo anakonza chionetsero chachikulu mumzinda wa Philadelphia, ndipo maiko ambiri anatumizako zinthu zawo zaluso. Anthu pafupifupi mamiliyoni 10 anapita kukaona. Pakati pa zinthu zimene zinawakopa panali mbale ndi mitsuko yadothi yochokera ku Japan. Ziŵiya zina zinali zonyezimira, koma pamwamba pake panali timing'alu tosaŵerengeka, monga mmene matope a padambo amang'alukira dzuŵa likaomba kwambiri m'chilimwe.

Anthu odziŵa mbiri ya nsalu amanena kuti zinthu za ku Japan zimenezi ndizo zinapatsa amayi a ku America maganizo atsopano. Kufikira nthaŵi imeneyo, zofunda zambiri za zigamba zinkasokedwa ndi zidutswa zodulidwa mofanana ndi zoyalidwa mwadongosolo. Tsopano amayi anayamba kulumikiza zidutswa zosalingana: china chachitali, china chachifupi, china chansonga, china chokhota. Pachingerezi chofunda chotere anachitcha crazy quilt. Mawu akuti crazy amanena chinthu chokhala ndi ming'alu, ndiponso amanena chinthu chamisala. Dzinali linali loyenera, pakuti munthu akachiona patali amayesa kuti wosokayo anangoponyapo zigambazo chiponyeponye. Chikhalirecho iye anali ataganiza bwino malo a chigamba chilichonse.

Pakati pa zaka za 1880 ndi 1890 zofunda zimenezi zinafala ponseponse m'dzikolo. Amayi a m'mabanja opeza bwino ankazisoka ndi silika ndi veleveti. Silika ndi nsalu yosalala ndi yonyezimira, yopangidwa ndi ulusi umene mbozi za mtundu wina zimatulutsa. Veleveti ndi nsalu yofeŵa, yokhala ndi tiubweya tatifupi pamwamba pake. Mafakitale a silika anayamba kugulitsa timapukusi ta zidutswa zotsala, ndipo magazini ankasindikiza zithunzi zoti amayi azitengera posoka.

Zofunda zasilikazi sizinali zofunda usiku ayi. Ankaziyala pampando pabalaza kuti alendo aone luso la mayi wa pakhomopo. Zinalinso ngati buku la mbiri ya banja. Chigamba china chinkachokera ku diresi la ukwati, china ku tayi ya bambo, china ku riboni ya chipeŵa cha agogo. Pazigambapo ankasokapo maina a abale, zaka zimene ana anabadwa, maluŵa, mbalame ndi ukonde wa kangaude, umene ankati umabweretsa mwayi. Mwana akaloza chigamba ndi kufunsa kumene chinachokera, amake ankamufotokozera za mwini chovalacho.

Chitapita chaka cha 1900, anthu olemera anayamba kutopa nazo zofunda zimenezi. Koma mabanja a kumidzi sanaleke. Iwo ankazisoka ndi nsalu za thonje ndi za ubweya wa nkhosa, zodula ku zovala zakale, ndipo ankazifunda m'nyengo yozizira. Lero zofunda zambiri za nthaŵi imeneyo zikusungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Chodabwitsa ndi chakuti silika wokwera mtengo uja ndiye ananyenyeka msanga, chifukwa opanga ankamuviika m'mankhwala omulemeretsa, ndipo mankhwalawo anadya ulusi wake. Nsalu wamba za thonje ndi za ubweya zinapirira koposa.

Kasokedwe kake

Luso limeneli silifuna silika. Zidutswa za chitenje zotsala kwa telala, ndiponso mbali zolimba za zovala zakutha, ndi zokwanira. Kuonjezera pa zimenezi, wosoka amafuna singano, ulusi, sizasi, timapini, nsimbi yositira ndi nsalu ina yopyapyala yoti ikhale pansi.

Ntchito yoyamba ndiyo kuchapa zidutswa zonse ndi kuzisita. Pali zifukwa ziŵiri. Nsalu yatsopano ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo ikafupika itasokedwa kale imakoka zinzake ndi kukwinya chofunda. Nsalu zina zimatuluka utoto m'madzi, ndipo utotowo ungadetse zigamba zoyera zoyandikana nazo.

Chofunda sichisokedwa chonse nthaŵi imodzi. Chimapangidwa m'zigawo zazing'ono zosavuta kugwira m'manja. Wosoka amadula nsalu yapansi ija kukhala ya mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse masentimita 32. Nsalu imeneyi ili ngati maziko a nyumba: sidzaoneka ntchito ikatha, koma ndiyo imagwira zigamba zonse kuti zisakokeke.

Pakati pa nsalu yapansiyo wosoka amaikapo chigamba choyamba, maso ake atayang'ana kumwamba. Ambiri amakonda kuyamba ndi chigamba cha mbali 5, chifukwa chimachititsa kuti zigamba zotsatira ziloze uku ndi uku. Kenaka amatenga chigamba chachiŵiri ndi kuchivundikira pamwamba pa choyambacho, maso ndi maso, m'mphepete mwake mutalingana. Amasoka mzere woongoka m'mphepetemo, singano ikuboola zigamba zonse ziŵiri pamodzi ndi nsalu yapansi. Akatha amatembenuza chigamba chachiŵiricho kuti maso ake aonekere, ndipo amachisita kuti chigone. Potero msoko umabisika m'kati, ndipo ulusi wa m'mphepete mwa nsalu susololoka.

Chigamba chachitatu chimasokedwa chimodzimodzi kumbali ina ya choyamba chija. Wosoka amapitiriza kuzungulira, kuchokera pakati kunka kunja, mpaka nsalu yapansi yonse itakwiririka. Zigamba zopyola m'mbali amazidula. Pamenepo chigawo chimodzi chatha.

Posankha zigamba pamafunika diso. Zigamba ziŵiri za mtundu umodzi zikagundana sizioneka bwino. Chakuda chimakongola pafupi ndi choŵala, ndipo chamaluŵa chimaoneka bwino pafupi ndi chopanda maluŵa.

Kupeta misoko

Mawu akuti kupeta ali ndi matanthauzo aŵiri. Mayi amapeta mphale m'lichero kuti achotse gaga. Koma kupeta nsalu ndiko kuikongoletsa posokapo zithunzi ndi ulusi wamitundumitundu. Pachofunda cha zigamba wosoka amapeta pamwamba pa msoko uliwonse. Kupetako kumakongoletsa, ndiponso kumalimbitsa malo amene zigamba zakumana, pakuti chofunda chimayamba kung'ambika pamenepo.

Ulusi wopetera wa m'sitolo kaŵirikaŵiri umakhala ndi timaulusi 6 topotana. Wopeta amapatulako tiŵiri kapena titatu ndi kutiloŵetsa pasingano. Ulusiwo usatalike kuposa kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, chifukwa ulusi wautali umapiringizika ndi kumanga mfundo.

Pali njira zambiri zopetera, koma zinayi izi ndizo zodziŵika. Njira yoyamba ndiyo yapafupi: singano imangoloŵa ndi kutuluka motsata mzere, ndipo ulusi umaoneka ngati nyerere zotsatana. Njira yachiŵiri imapanga unyolo. Singano imabwerera pabowo pamene inatulukira, kusiya ulusi utapindika ngati kamphete, ndipo potulukanso imadzera m'kati mwa kampheteko. Timphete timeneti timakolana mpaka kumapeto kwa msoko. M'njira yachitatu ulusi umadumpha msoko mopendekera, kuchoka pachigamba china kupita pa chinzake ndi kubweranso, kotero kuti umapingasana ngati minga ya nsomba. Njira imeneyi imagwira bwino zigamba zonse ziŵiri. M'njira yachinayi ulusi umaphuka kumanja ndi kumanzere kwa msoko ngati nthenga ya nkhuku.

Pachigamba chopanda maluŵa wopeta angathe kujambulapo ndi pensulo duŵa, nsomba, mbalame kapena chilembo choyamba cha dzina lake, kenaka ndi kutsata mzere wa pensulowo ndi ulusi. Asakoke ulusi mwamphamvu, kuopa kuti nsalu ingakwinyike.

Kumaliza chofunda

Zigawo zikakwanira, wosoka amazilumikiza m'mizere. Msoko umadya sentimita imodzi kumbali iliyonse, motero chigawo cha masentimita 32 chimatsala masentimita 30. Akaika zigawo 4 m'lifupi ndi zigawo 6 m'litali, zonse pamodzi zimakhala 24, ndipo chofundacho chimakhala masentimita 120 m'lifupi ndi masentimita 180 m'litali. Chimenechi chikwanira munthu mmodzi.

Kumbuyo kwake amayalako nsalu yaikulu yobisa misoko yonse. Wofuna chofunda chotentha kwambiri amaika bulangete lakale pakati. Kuti nsaluzi zisamasiyane, amaboola ndi singano pamakona a zigawo ndi pakati pake, ndi kumanga mfundo zolimba. Pomaliza amapinda m'mphepete monse ndi kusoka.

Singano ndi sizasi ndi zida zofuna kusamala. Singano siyenera kuikidwa m'kamwa kapena kusiyidwa pamphasa, pamene mwana wokwaŵa angaitole. Ikatha ntchito ibayidwe pakansalu kake ndi kusungidwa m'kachitini. Popatsa mnzake sizasi, munthu amagwira kunsonga ndi kupereka chogwirira.

Ntchito imeneyi si ya atsikana okha. Atelala ambiri a m'makonde ndi amuna, ndipo mnyamata wodziŵa kusoka sayenda ndi malaya ong'ambika podikira amake. Si ntchito ya tsiku limodzinso ayi. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwana wosoka chigawo chimodzi pa sabata amatsiriza zigawo 24 m'masabata 24. Akayamba kumayambiriro kwa Januwale, pofika pakati pa Juni, mphepo yozizira itayamba kuomba, zigawo zake zimakhala zitakwanira. Amene sangathe chofunda chachikulu angayambe ndi chigawo chimodzi chokha, ndipo chingakhale nsalu yoyala patebulo. Zigawo ziŵiri zikalumikizidwa zimapanga chikwama chonyamuliramo mabuku.

Tsiku limene chofunda chatha, mwini wake amachiyala ndi kuŵerenga zigamba zake chimodzichimodzi. Apa pali chitenje chimene amake ankamuberekera, apo pali malaya ake oyamba a kusukulu, ndipo pakona pali tizidutswa timene telala uja anafuna kutentha.

Mawu ofunika kuwadziŵa

Chigamba: kachidutswa ka nsalu kosokedwa pa nsalu ina.
Msoko: mzere umene nsalu ziŵiri zalumikizana posoka.
Chionetsero: msonkhano umene anthu amaonetsa zinthu zimene apanga.
Kusololoka: kutuluka kwa ulusi m'mphepete mwa nsalu yodulidwa.

Mafunso

1. Kodi kunachitika chiyani mumzinda wa Philadelphia m'chaka cha 1876?
2. Ziŵiya za ku Japan zinali zooneka motani?
3. Chifukwa chiyani chofunda cha zigamba chinali ngati buku la mbiri ya banja?
4. Tchulani zifukwa ziŵiri zochapira zidutswa za nsalu musanayambe kusoka.
5. Kodi nsalu yapansi imagwira ntchito yanji?
6. Lembani ziganizo ziŵiri zoonetsa matanthauzo aŵiri a mawu akuti kupeta.
7. Chofunda chili ndi zigawo 3 m'lifupi ndi zigawo 5 m'litali. Zigawo zonse ndi zingati?

Ntchito

Pemphani zidutswa za nsalu kwa makolo anu kapena kwa telala wa kufupi ndi kwanu. Aliyense asoke chigawo chimodzi ndi kupetapo chilembo choyamba cha dzina lake. Pothandizidwa ndi aphunzitsi, lumikizani zigawo zonse kuti mupange chofunda chimodzi cha kalasi lanu.